Chitamando kwa Chimbale Cholimidwa ndi Aganyu

Ena amatamanda zimbale zimene zinagwedeza dziko. Ine ndikutamanda chimbale chimene chimagwedeza makapu pa shelefu panga, ndipo ndikupempha onse okhala m'nyumba za mdadada, kumene khoma limathera panjira osafika kumalata, kuti aimirire ndi kuvula zipewa. Chimbalecho ndi Notorious, cha gulu la ku England lotchedwa Duran Duran, ndipo chinatuluka mu Novembala 1986. Aneba anga, bambo aimvi amene mdadada wonse timangowatchula kuti madala, anayamba nacho pa kaseti, anasamuka nacho kupita pa CD, pano chili pa kamemore kosochera m'thumba la malaya, koma phokoso lake silinachepe nawo. Chimayamba kulira anthu asanayatse mbaula.

Kuti ulemu ukwane, tiyambe tadziwa eni ake. Gululi linabadwira ku Birmingham mu 1978, n'kukulira m'kalabu yausiku yotchedwa Rum Runner. Nyimbo zake zinali za mtundu umene unkatchedwa new wave, wobwera pambuyo pa chisokonezo cha punk: kiyibodi patsogolo, ng'oma yothamanga, ndi anyamata odzola zakumaso kuposa alongo awo. Anali asanu. Simon Le Bon ankaimba, Nick Rhodes anali pa kiyibodi, ndiye panali a Taylor atatu, John pa besi, Andy pa gitala, Roger pa ng'oma, koma onse osakhala pachibale ngakhale pang'ono. Kwathu kuno nkhani yotere sikanatha popanda kuitanitsa azakhali kuti afotokoze bwino. Makanema a nyimbo zawo ankakajambulira ku Sri Lanka ndi ku Antigua, atatchena masuti pa boti, ndipo kanema wa MTV, amene anali atangoyamba mu 1981, ankawaonetsa usana ndi usiku. Atsikana ankakuwa mpaka mawu kusasa. Pofika mu 1985 anali ataimba nyimbo ya filimu ya James Bond, A View to a Kill, imene inafika pa nambala 1 ku America.

Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Chaka chomwecho gulu linagawikana pawiri: John ndi Andy anakapanga The Power Station pamodzi ndi Robert Palmer, atatu enawo anapanga Arcadia. Anakumananso pa 13 Julaye ku Philadelphia, pa chiphwando cha maimbidwe cha Live Aid chothandiza anthu amene ankavutika ndi njala ku Ethiopia, pomwe mawu a Le Bon anaterereka dziko lonse likuonera. Asanuwo sanadzakwerenso nsanja limodzi mpaka 2003. Roger anatopa nako kutchuka, anapita kukakhala pa famu kumudzi. Andy anakhazikika ku Los Angeles kukafuna dzina lakelake. Anatsala atatu: woimba, wa kiyibodi ndi wa besi.

Apa ndi pomwe ine ndimagwada, maondo onse awiri. Bandi yathawidwa ndi woimba ng'oma, yathawidwanso ndi wa gitala. Anthu wamba akanakhala pansi n'kugwirizana kuti tiyeni tizingoimba zofatsa, za kiyibodi yokhayokha, zoti munthu azimvera atagwira tsaya. Akatswiri athuwa ayi. Pobwerera anasankha funk, nyimbo imene ukachotsamo ng'oma ndi gitala umatsala ndi lisiti la situdiyo lokha. Funk, monga anaiumbira James Brown m'zaka za m'ma 1960, ndi nyimbo yoti chida chilichonse chimasanduka ng'oma. Mphamvu yonse imagwera pa kugunda koyamba. Gitala siilira motalika, imangodula tizidutswa, tche, tche, tche. Besi imayenda chapansipansi, malipenga amabaya kamodzi n'kukhala duu, ndipo kukoma kwake kumabisala m'timipata tapakati pomwe palibe amene akuimba. Anthu opanda ng'oma, opanda gitala, anaiyang'ana nyimbo imeneyi n'kuona kuti ndiyo yowayenera. Kulimba mtima kotere sikupezeka pamsika uliwonse.

Nanga anatani? Anachita zimene amachita mwini munda ana ake akathawira kutauni mitambo itayamba kuda: analemba aganyu. Ndipo sanatole aganyu a pamphambano. Kapitawo anali Nile Rodgers wa gulu la Chic la ku New York, mwini Le Freak ndi Good Times, amene anali atangokonzera David Bowie chimbale cha Let's Dance mu 1983 ndi Madonna cha Like a Virgin mu 1984. Mundawu ankaudziwa kale, chifukwa ndiye anaipalira nyimbo yawo The Reflex mu 1984 mpaka inafika pa nambala 1 ku Britain ndi ku America komwe. Anabwera ndi khasu lake, gitala yakale ya Fender Stratocaster imene amaitcha Hitmaker. Pa ng'oma anakhalapo Steve Ferrone, amene anakhwimira mu Average White Band. Malipenga anakawatenga kwa The Borneo Horns. Andy anagwirako mizere ingapo asanasowe konse, kenaka panatulukira Warren Cuccurullo, amene gulu lake la Missing Persons linali likutha, n'kudzipereka yekha pa ganyu ya gitala. Zokolola zitalowa m'nkhokwe, pachikuto cha chimbale panaima eni munda atatu okha, nkhope zili ndwii, zovala zopanda kadontho ka thukuta. Kuseri kwa chikutocho, kumene munthu akanayembekezera kuona woimba ng'oma, anaikako chiphadzuwa Christy Turlington, amene sanagwire chida chilichonse.

Komabe chilungamo chilipo padziko, ndipo chimakhala m'khoma la nyumba yanga. Mawu opyapyala amalephera kuboola njerwa, pamene mawu apansi amagwedeza njerwayo n'kutulukira mbali inayo. Ndiye kuti khoma limasefa. Mawu a Le Bon amatsalira kwa madala. Kiyibodi ya Nick Rhodes imathera kuseri komweko pamodzi ndi zodzoladzola zake. Chimandipeza ine ndi phazi la Ferrone likuponda ng'oma yaikulu, ndi malipenga amene amakwera khoma, kulowa pampata wa pansi pa malata n'kundigwera pachipumi. Mwa eni munda atatu aja, ndi John Taylor yekha amene amafika kuchipinda kwanga, ndipo m'pomveka, chifukwa ndiye ankaisirira Chic kuyambira kale ndipo kaimbidwe ka besi ankatengera kwa Bernard Edwards wa gulu lomwelo. Choncho ine, amene sindinalipire ngakhale tambala, ndimamva chimbale chenicheni, cha anthu ogwira ntchito. Madala analipira ndalama zawo, koma amamva cha mabwana.

Supuni ikagona m'kapu yachitsulo imanjenjemera pa kugunda koyamba, kupuma, kunjenjemeranso, osaphonya. Pakona ya kumutu kwa bedi pulasitala amayoyoka pang'onopang'ono, moti m'mawa ndimasesa kaufa koyera, ndipo eni nyumba akabwera kudzatenga lendi amayang'ana mng'alu uja n'kuyang'ana ine. Tsache lenilenilo linaphunzira: limakoka pa kugunda koyamba. Ndikamatsuka mbale chiuno chimachita zake, zimene ine sindinachitume, ndipo ndikapezeka ndimati msana ukundivuta.

Ndiye pali chibwibwi chija. Nyimbo yoyamba, imene inapatsa chimbale dzina, imatsekulidwa ndi anthu akuluakulu, olipidwa bwino, atakakamira pa chiyambi cha liwu limodzi, kulibwereza asanalimalize. Mwana akatero m'kalasi anzake amamuseka. Awa anafika nacho pa nambala 2 ku America ndi nambala 7 ku Britain, ndipo mu 1999 chidutswa chomwecho chinabwerekedwanso m'nyimbo ya malemu Notorious B.I.G. Chibwibwichi sichivutika n'kuboola khoma, chimatulukira pakhomo madala akatsekula chitseko. Ana a pamdadada pathu sadziwa kumene kuli Birmingham, koma anachiloweza, moti ukawatuma mchere ku okala amayamba abwereza chiyambi cha dzina lako kawiri, phewa likugwedera, kenaka n'kulandira ndalama.

Pa nyimbo ya Skin Trade zinthu zimafika pena. Apa Le Bon anasiya mawu ake a masiku onse n'kukwera m'mwamba, kumene ankaimbira Prince. Madala nawonso amakwera komweko. Awa ndi bambo amene mawu awo pamaliro amagwedeza benchi, koma m'mawa amadutsa pakhomo panga atamanga thaulo m'chiuno, mswachi kudzanja, ndowa kudzanja linalo, akulira mawu opyapyala kulowera kubafa. Mayi a kunyumba kwawo amangopitiriza kusankha mpunga. Amati asiyeni, bola sali kubala.

Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Madala, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, achimwene, kaya inu."

"Ife kudzuka tadzuka, kungoti wailesiyo..."

Nkhope yawo inawala. "Mwaimva besiyo? Taimani pompo ndikubwezereni. Paja pamalowa malipenga simunapamve bwino."

Anabwezadi, nawonjezerako pang'ono kuti ndisavutike. Munthu wotere ungamuimbe mlandu wanji?

Amayi a khomo lachitatu, amene amadana ndi phokoso la wina aliyense kupatula la kwaya imene amaphunzitsa pakhonde pawo Lachinayi lililonse, ndiwo anakadandaula kwa amfumu a dera lathu. Amfumu anabwera ndi kope m'khwapa, nakhala pampando wa madala, nalamula kuti umboni uliridwe kaye. Amene anasuzumira pawindo akuti phazi lamanja linayamba lokha. Chigamulo chinali chakuti nkhaniyi ndi yaikulu, ikufunika kuiunika mofatsa, ndipo akhala akubwera kudzaiunika Loweruka lililonse, chikho cha thobwa chili pambali. Akuluakulu oona za phokoso mumzinda muno, amene bala la kuseri kwathu sanalimvepo chikhalirecho limalira mpaka mbandakucha, amenewo tisawadzutse. Amakhala kumayadi, makoma awo amafika kudenga.

Mpumulo wathu umachokera kwa anthu a magetsi okha. Akazimitsa, mdadada umangoti zii, ukumva ndi nkhuku ikupalasa. Koma pakapita maola, foni yafa, ndiwo za m'firiji zayamba kulankhula, umapezeka ukupemphera kuti ayake. Walira mvula walira matope. Madala sazimitsa swichi, choncho babu lisanathe kuphethira malipenga aja abaya kale. Kuno sitifunsana ngati magetsi abwera. Chimene chimandipweteka, ndipo apa sindikuseka, ndi ndandanda. Amalengeza kuti ayaka masana, iwe wakonza zosita, wanyika nyemba kuti uphike pa hotipuleti, koma iwo n'kudzayaka pakati pa usiku, anthu atagona ndi mkwiyo wawo. Duran Duran inabwerera ndi Notorious kamodzi, mu 1986. Kwathu imabwerera nthawi iliyonse imene wina kuofesi wakumbukira kuti ifenso timagula mayunitsi, ndipo imabwerera mwana atangogona kumene.

Kwawo chimbalechi sanachilandire ndi manja awiri. Chinathera pa nambala 16 ku Britain ndi 12 ku America, pamene Seven and the Ragged Tiger cha mu 1983 chinafika pa nambala 1 ku Britain. Skin Trade, nyimbo yokhwima kuposa zonse m'menemo, inaima pa nambala 22 ku Britain. Atsikana okuwa aja ena anali atakula, ena atasamukira kwa anyamata atsopano monga a-ha a ku Norway. Ankafuna anyamata a pa boti, anapatsidwa azibambo a malipenga. Ine ndimati ogulawo ndiwo analakwa, ndipo ndikulankhula ngati munthu amene wachimva chimbalechi kambiri kuposa amene anachijambula. Chimbale chawo cha Rio cha mu 1982 chili ndi nyimbo zokoma, koma chimathamanga, chikufuna uchione. Notorious chimaponda pansi n'kudikira kuti iwe ubwere wekha. Ngakhale maina a nyimbo anabwereka, chifukwa Notorious ndi Vertigo ndi mafilimu a Alfred Hitchcock, koma pofika apa ndani angadabwe?

Waganyu mmodzi anakhalitsa. Cuccurullo analandiridwa kukhala membala weniweni mu 1989, ndipo anapeka nawo Ordinary World, nyimbo imene inawadzutsanso mu 1993 anthu atawaiwala. Koma asanu oyamba aja atagwirizana zobwererana mu 2001, munthu amene anasunga munda zaka zonsezo anatsazikidwa mwaulemu. Chimbale cha obwererawo, Astronaut cha mu 2004, madala safuna n'kuchimva komwe. Amati othawa ntchito asabwere kudzawaphunzitsa kuvina.

Posachedwapa wina wa mtima woipa wawauza kuti Nile Rodgers anaitanidwanso mu 2015, pa chimbale cha Paper Gods, ndipo anaimba gitala m'nyimbo ya Pressure Off pamodzi ndi Janelle Monáe. Madala sakugona nayo nkhaniyi. Mwana wawo wa ku Joni wawatumiziranso sipika yotchaja, yosadalira anthu a magetsi, imene akuti imalira tsiku lonse. Chatsala ndi nyimboyo, ndipo atuma ine kuti ndiwakopere, poti pamdadada pano ndine wodziwa za intaneti. Za ndalama ya bandulo sanatchule.