Msonkhano wa pansi pa msawu

Kalata yoitanira makolo imati msonkhano wa komiti ya sukulu uyamba 8 koloko m'mawa. Koma wodziwa dzuwa la ku Nsanje mu Okutobala amamvetsa kuti 8 koloko yeniyeni ndi pamene mthunzi wa msawu wafika pa benchi ya anyakwawa.

Ndinakhalapo pa msonkhano wotere pa sukulu ina cha ku Bangula. Pemphero linatenga mphindi khumi, malonje theka la ola, poti aliyense ayenera kutchulidwa ndi udindo wake: apampando, a PTA, amayi a mother group, ngakhale alonda. Mlembi atauzidwa kuti awerenge zomwe anagwirizana ulendo watha, anayankha mwaulemu kuti kope linapita ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Palibe anatsutsa. Kuchigwa kuno Freddy anakokolola zambiri, ndipo zikuoneka kuti ankakonda kwambiri makope a asungichuma.

Itafika nkhani youmba njerwa za chimbudzi, abambo onse anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Koma itangotchulidwa ya phala la ana, manja anali m'mwamba, Chisena ndi Chimang'anja zikuthetheka ngati mbuliuli. Gogo wina anafunsa chifukwa chake akusonkhabe ndalama pomwe boma linati pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Aphunzitsi aakulu anapukuta thukuta nati, "Agogo, imeneyo tiyiika pa zina ndi zina."

Pofika pa zina ndi zinazo n'kuti mthunzi utasamuka, anthu ataulondola mmodzimmodzi, ndipo pansi pa tebulo la apampando patagona mbuzi.