Kugula thukuta ku Mulanje

Ife okulira kumudzi tinkalimbikira sukulu n'cholinga chimodzi: tidzasiye kuyenda wapansi. Lero tili m'tauni, pokagula tomato timakwera kabaza, ndipo mimba ndiyo imayamba kulowa pakhomo. Komabe anzanga a kuntchito atati tikakwere phiri la Mulanje, ndinavomera msangamsanga. Ndinati mwendo suiwala.

Pa Likhubula anatiuza kuti tilipire polowera, tilipire wotiperekeza, tilipirenso wonyamula chikwama. Ine ndemwe, amene ndinkapita kuchigayo ulere thumba la chimanga lili pamutu, ndinapisa m'thumba kugula thukuta langa lomwe.

Mnyamata wonyamula chikwama changa anali atavala masilipasi. Ine ndinali m'zinsapato za pakaunjika zolemera ngati njerwa.

"Achimwene, kodi patsala pati?"

"Pafupi bwana, kuseri kwa mwala uwo."

Abale, miyala ya ku Mulanje ili ndi kuseri kwambiri! Pofuna kundilimbitsa mtima, anandiuza za mpikisano wa chaka ndi chaka wochokera pa Likhubula, kudzera ku Chambe ndi Lichenya n'kutsikanso, makilomita oposa 20, ndipo opambana amamaliza maola atatu asanakwane. Mawondo anga atamva zimenezo anayamba kunjenjemera okha.

Kenako tinakumana ndi mayi akutsika, mtolo wa nkhuni pamutu, mwana kumbuyo. Anandipeza ndakumbatira mtengo, ndili wefuwefu.

"Pepanitu bambo, mukudwala?"

"Ayi mayi, tikusangalala."

Anandiyang'ana mwachisoni n'kupitirira.

Akuluakulu a kumeneko amati m'phirimo mizimu imasiya chakudya, ndipo ukachipeza udye wekha osaitana mnzako. Lamulo limeneli ndimalitsata kalekale ngakhale kumaliro, choncho maso anga anali pathengo njira yonse. Sindinapeze ngakhale khoko la nthochi. Mizimu itaona mimba yanga inadziwa kuti sindikusowa kanthu.

Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Ine ulemu wanga ndinaperekera pa Dziwe la Nkhalamba, mapazi ali m'madzi ozizira, anzanga akupitirira.

Kunyumba mayi a ana anawerengetsa ndalama zonse zimene ndinawononga, n'kuti: "Bambo, ngati mumalipira kuti mutope, kumunda kuli matumba a chimanga ofunika kututa. Mudzandipatse ineyo ndalamazo, ndidzakuperekezani ndipo ndizidzakuuzani kuti patsala pafupi."