Mitala ya m'laputopu

Pa 14 Okutobala 2025 a Microsoft analeka kusamalira Windows 10, ndipo ku Mkaika konse kuno amene anasowa nazo tulo ndine ndekha. Anzanga mitima inali pa feteleza. Koma ine ndine mlembi wa kopaletivi, mwini laputopu yasalaula ya ku Kamwala, munthu amene ngakhale anyakwawa amamupatsa mpando. Windows 11 inaikana laputopuyo, akuti ilibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Ine ndinkayesa chimene ilibe ndi batani la "e" lokha.

Mphwanga wophunzira ku Chipata anati, "Amalume, ikani Linux Mint. Ndi yaulere." Mawu oti ulere sanandidutsepo chibadwire. Koma kuthamangitsa Windows? Mmenemo ndi mmene muli kaundula wa alimi, makalata a mpingo, ndi zithunzi zonse za Kulamba, pamene mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzagwada kwa Kalonga Gawa Undi ine ndikujambula misana ya anthu.

"Khalani nazo zonse ziwiri," iye anatero.

"Mitala?"

"Mitala, amalume. Ndipo njira zake zilipo zitatu."

Yoyamba, akuti, n'kudula hadi disiki pawiri, aliyense nyumba yake. Ukayatsa pamabwera kachikwangwani kakuda kotchedwa GRUB, kukufunsa kuti lero ukagona kuti. Amene wamusankha amadya mphamvu zonse za makina, winayo ali phee. Kuopsa kwake kuli podulapo. Magetsi akathima uli pakati, kaundula wa alimi wapita, ndipo batire langa limasunga moto nthawi yongokwanira kunena kuti "aa, athima."

Yachiwiri ndi VirtualBox: wamng'ono akhale m'nyumba mwa wamkulu, pawindo lakelake, onse ali maso nthawi imodzi. Apa ndinamwetulira, mpaka mphwanga atafunsa za RAM. Yanga ndi 4GB. Windows payokha imatha kumeza theka isanakupatse n'komwe moni, ndiye wachiwiriyo adya chiyani? Tinayesako. Ndinadina mbewa, n'kupita kukamwetsa ng'ombe, pobwera ndinapeza ikuganizabe. Fani inkalira moti mkazi wanga Nabanda anatulukira kukhitchini kudzaona ngati chigayo chasamukira pakhomo pathu.

Yachitatu ndi fulashi. Umaikamo Linux, kubaya pambali, kuyatsa, basi ikuyenda osakhudza hadi disiki. Ukazimitsa imaiwala zonse, ngakhale dzina lako. Mphwanga anati imeneyi ndiye yabwino kwa anthu amantha. Ndinamukumbutsa kuti ndine mkulu wa mpingo, za chibwenzi chobwera usiku n'kuchoka m'mawa sindichita nawo. Komanso mantha ndilibe, ndimangosamala.

Choncho ndinasankha yoyamba, mwaulemu wake, monga mwamuna woopa Mulungu. Ulere uja unayamba ndi bandulo: Linux Mint ndi pafupifupi 3GB, ndipo netiweki yabwino kwathu ili pachulu kuseri kwa khola. Kenako fulashi ina yosungira kaundula. Kenako thiransipoti ya mphwanga, ndi nkhuku. Tinakadulira disiki ku Katete Boma, kwa mnzanga wa sola, ine nditatseka maso ngati ndikulandira jekeseni.

Zinatheka. Linux imathamanga, laputopu ikuchita ngati yabwerera kuunyamata. Koma za m'mitala sizinachedwe. GRUB imakupatsa masekondi 10 kuti usankhe, ukachedwa imakupititsa yokha kwa wamng'ono. Ine kusankha chitenje cha Nabanda kumanditengera tsiku lathunthu la msika. Ndiye m'mawa uliwonse ndimayatsa, kufunafuna magalasi, pocheuka ndili kale kwa Linux pamene kalata yomwe ndikufuna ili kwa Windows.

Ndipo wamkulu amadziwa kumene wachokera. Ukalowa kwa iye utadzera kwa mnzake, wotchi imapezeka yabwerera maola 2. Mphwanga akuti si nsanje: Linux imasunga nthawi m'makina potsata ya ku Greenwich, Windows imaiwerenga ngati ya kuno, ndipo Zambia ili patsogolo ndi maola 2. Iye ndi wophunzira, koma sanakwatire.

Msonkhano wa kopaletivi wa 14 koloko ndinafika anthu akupinda mphasa. Ndinawafotokozera bwinobwino za Greenwich, mpaka kujambula dziko pansi ndi kamtengo. Apampando anangoti, "Alembi, dzuwa nalonso lili pa Linux?"

Akuti mankhwala ake ndi mzere umodzi wolemba mu Linux. Mphwanga akuudziwa, koma akufuna thokotaimu kaye. Ndinadandaulira Nabanda kuti ana amasiku ano alibe chisoni, onani mmene ndikuchedwera pamisonkhano. Iye osatukula n'komwe mutu pa lichero anati, "Abambo, paukwati wathu paja munachedwa maola atatu. Laputopu munali nayo?"