Chitenje sichipuma pantchito

Masiku ano akuti tizisoka tokha matumba ansalu okagulira zinthu kuti zinyalala zichepe, ndipo ena akuchita kukaphunzira zimenezi m'mahotela, alawansi ili m'thumba. Akanangopita kwa agogo, bwenzi ataphunzira ulere.

Taonani moyo wa chitenje. Chikadali chatsopano chimapita kuukwati ndi kutchalitchi. Chikasuluka chimabereka mwana, kenako n'kusanduka nkhata yosenzera ndowa. Chikang'ambika amachiduladula: chidutswa china chophulira mphika pamoto, china chokolopera, kansanza kotsala n'kukhala chingwe cha koloboyi, amenenso ndi kabotolo kakale ka mankhwala. Chachipani ndiye chimaona zakuda. Nkhope ya bwana ija, imene amayi ankaivinira pamsonkhano, imathera pakhomo, alendo akupukutirapo matope.

Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, makampani n'kuthamangira kukhoti, mlandu n'kukokana mpaka 2019 pamene boma linapambana. Majumbowo akadali mbwee mumsika. Tsiku limene adzatheretu, amayi sadzatekeseka, amamanga tomato pachitenje kuyambira kale. Odzalira ndi ana, chifukwa mpira wachikulunga sudzakhalanso ndi chomangira.