Kukwera TAZARA ndi Ana

Sitima ya TAZARA imachoka ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia kukafika ku Dar es Salaam, mtunda wa makilomita 1,860, pa njanji imene dziko la China linathandiza kumanga kuyambira mu 1970 mpaka 1975. Papepala ulendowu ndi wa masiku awiri. Zikuoneka kuti sitimayo sinawerengepo pepalalo.

Banja lokhala ndi ana limayenera kulipira chipinda chonse, cha mabedi 4 kapena 6, apo ayi bambo amakagona kwa amuna anzawo, mayi n'kutsala ndi gulu lonse. Alipo abambo amene lamuloli saliona ngati vuto.

Nkhondo yoyamba imakhala ya bedi lam'mwamba, yachiwiri ya pawindo. Funso lakuti "Tafika?" limayambira ku Mkushi. Kamba amene anakonzedwa kuti akafike naye ku Tanzania amatha sitima isanafike n'komwe ku Serenje, ndipo kuchokera pamenepo thumba la makolo limatsegulidwa pa siteshoni iliyonse, poti amayi ogulitsa nthochi, mtedza ndi chimanga chootcha amalidziwa bwino windo limene pasuzumira mwana. Pamalire, ku Nakonde ndi ku Tunduma, oona za mapasipoti akangolowa m'bogi, m'pamene wamng'ono amafuna kuchimbudzi.

Kupitirira Mbeya njanji imaboola mapiri n'kuwoloka milatho yambirimbiri, kenako imadutsa m'nkhalango ya Nyerere, imene kale inali mbali ya Selous, kumene mbidzi ndi njovu nthawi zina zimaoneka chapafupi. Makolo amakhala akulonjeza zimenezi kuyambira ku Kapiri Mposhi. Sitima ikamafika pamenepo, ana amakhala ali m'tulo tofa nato.