Walira Mvula, Walira Matope a M'khola

Akuluakulu amene anati walira mvula walira matope sanafikeko ku Teddington, mumzinda wa London, koma mwambi wawo unakawapeza a kumeneko ali m'khola.

Ku Teddington kuli Park Lane Stables, khola la mahatchi losachita malonda, kumene ana ndi akulu aulumali amaphunzira kukwera hatchi. Lili pansi pa bungwe la Riding for the Disabled Association, lomwe linayamba mu 1969. Kumayambiriro kwa 2021, mwini malo anafuna kugulitsa malowo. Mayi Natalie O'Rourke, amene anayambitsa kholali, analira mvula ya mapaundi 1 miliyoni. Nkhani itaonetsedwa pa kanema wa BBC, mvula inagwa yamkuntho. Anthu anasonkha mpaka ndalama zinapitirira.

Pamenepo ambiri timaomba m'manja n'kubalalika. Matope amatsalira msungichuma.

Vuto la makola otere ndi lakuti hatchi siwerenga nyuzipepala. Simva kuti msonkhemsonkhe unatha. Hatchi yolemera makilogalamu 500 imafuna udzu wouma pafupifupi makilogalamu 10 tsiku lililonse, Lamlungu ndi Khirisimasi yomwe. Zimene yadya imazibweza ndithu, mowolowa manja, ndipo pafunika wina woti aziwola. Pakatha masabata 6 kapena 8, wosenga ziboda amatulukira kudzakhoma nsapato zachitsulo, zinayi pa hatchi imodzi, pamene mwana wasukulu amatha chaka chathunthu ndi peyala imodzi, makolo n'kumadandaulabe. Nanga m'mimba mwa hatchi? Mumadziwa kupotokola pakati pa usiku, nthawi imene dokotala wa ziweto amatchaja mokwera.

Mu Malichi 2020, boma la Britain litalamula anthu kubindikira chifukwa cha Covid-19, okwera anakhala kunyumba ndipo ndalama zawo zinakhala nawo komweko. Boma linkapereka 80 peresenti ya malipiro a antchito amene anaimitsidwa. Hatchi sinali pamndandanda, koma inkatafunabe. Mu Julayi 2022 kunatentha mpaka madigiri 40, msipu unauma, eni makola n'kuyamba kulira mvula yeniyeni. Chonsecho mvula ya kumeneko ikakhazikika, matope amatulutsa zilonda m'miyendo ya mahatchi, dokotala uja n'kubweranso atanyamula kabuku ka malisiti.

Ife opereka tili ndi khalidwe lathu. Tikamva kuti khola likutsekedwa mawa, matumba amatseguka okha. Koma munamuonapo munthu akujambulitsa chithunzi atakumbatira bilu ya magetsi? N'chifukwa chake bungwe lotere limatha kuoneka lolemera chaka cha tsoka, n'kusauka chaka cha mtendere.

Tsono mukakacheza ku khola lotere, sisitani hatchi pamphuno, n'zabwino. Mukatero fufuzani msungichuma, mumufunse kuti ndalama zili kubanki zingadyetse mahatchi miyezi ingati. Akayamba ndi kutsokomola, lembetsani zopereka mwezi ndi mwezi.