Malangizo kwa amene mimba yake yayamba kusankha zakudya ku Mulanje

Ndiye mwabwerako kuchipatala. Akuuzani kuti mtedza umakuwengani, mkaka ndi umene umakutupitsani m'mimba, tirigu sagwirizana nanu, ndipo ziwengo zija munkanamizira nsikidzi n'za usipa. Pepani. Pukutani misozi tikambirane.

Musathamangire kukawauza azakhali. Kuno kwathu munthu wokana nkhwani wotendera sadwala, amanyada. Mukati adokotala andiletsa nsinjiro, iwo adzangoti, "Idyani bambo, ndangothira pang'ono," n'kukuonjezerani chipande china. Mawu a dokotala amatha mphamvu munthu akangodutsa pa Chitakale. Chofunika n'kutsitsa mawu, kuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kunong'ona kuti, "Anandiletsa asing'anga." Basi, palibe adzafunsenso. Mbaleyo idzachotsedwa mwaulemu, mwinanso akupherani nkhuku.

Nkhani ya mkaka isakusowetseni tulo. Tiyi akulimidwa kuno kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndipo ambirife timamumwa wopanda mkaka ngakhale minda ya Lujeri tikuiona ndi maso. Kale chinali chifukwa cha thumba. Lero muli ndi chifukwa cha kuchipatala, choncho imwani mutawongola khosi. Buledi, mandasi ndi masikono zisiyeni, mutenge mbatata kapena chinangwa chophika. Ku Blantyre anthu amalipira ndalama zambiri m'masitolo kufuna ufa wopanda gluten wa m'tirigu, pamene makaka amene agogo anu amasinja, ngakhalenso mgaiwa, alibe gluten ndi pang'ono pomwe. Mwakhala mukudya chizungu osadziwa.

Vuto lenileni lili kukhitchini. Mthiko umene watakasa ndiwo zotendera ndi womwewo ulowa mumphika wanu, ndipo mtondo wosinjira mtedza ndi womwewo asinjira chigwada. Kwa munthu wowengedwa kwambiri, kanyenyeswa kotsalira n'kokwanira. Gulani mthiko wanu ndi poto wanu pa Limbuli, muzizisunga kudenga. Ana adzafalitsa kuti muli ndi chizimba. Asiyeni, zikuthandizani: palibe adzazikhudze. Muyambenso kulemba m'kope chilichonse chimene mwadya ndi mmene thupi lachilandirira, kuti mudziwe cholakwa chenicheni musanathamangitse nandolo wosalakwa. Anzanu akaona kopelo adzayesa mwayamba katapila, ndipo ena adzabwera kudzakongola.

Pamaliro ndi paukwati m'povuta, chifukwa chipande chimodzi chimayendera miphika yonse. Idyani kunyumba musananyamuke. Nthawi ya nsima ikakwana, dziperekeni kukatunga madzi kapena kuwaza nkhuni. Mudzapulumuka ziwengo, komanso anthu adzakutamani kuti ndinu munthu wogwira maliro.

Wina akakusekani kuti chakudya sichipha munthu, mutengereni ku Chonde mu Okutobala pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, akaone kalongonda. Nyemba zimenezi amaziwiritsa maola ambiri, akumataya madzi n'kuthira ena, chifukwa zikapanda kupsa bwino zimazunguza mutu ndi kusanzitsa. Amayi onse a kuno amadziwa zimenezi, ndipo palibe amene amati kalongonda ndi wonyada. Koma inu mukati mtedza umanditero, akuti mwatengera za m'tauni.

Chotsala n'chambiri ndithu: nanazi, mapeyala, nthochi, chisoso, bonongwe wa tomato, nyemba, mpunga. Nkhwani wopanda nsinjiro ndi wachisoni, sitikana, koma amalowa.

Apa pokha sindikuseka. Tsiku lina mukadzadya kanthu n'kuona milomo kapena lilime likutupa, pakhosi pakuthina, mpweya ukuvuta, musadikire kuti kuche ndipo musatume mwana kukakumba mizu. Kwerani kabaza wanjinga yamoto wapafupi, mupite ku chipatala cha boma pa Boma kapena cha Mulanje Mission nthawi yomweyo. Mtengo wa ulendowo mukakambirane mutafika.